Diso la siginala: kuphunzitsa mtima ndi maganizo kutulukira zatsopano

Usiku wopanda mwezi, kufupi ndi Msaka kapena Malembo, siginala amakhala m'bwato laling'ono ndi nyali zake, maso ali pamadzi. Anzake oponya ukonde wa chilimila amadikira mawu ake. Akati ponyani, ukonde umatsika. Mukamufunsa masana kuti anadziwa bwanji kuti usipa wasonkhana pansi pa bwato, amangoti anaona, kapena mtima unamuuza. Sakunama, koma sakunenanso zonse. Chimene akuchitcha mtima ndi zaka za kuona thovu la mtundu wakutiwakuti, madzi akuchita mwakutimwakuti, kenako ukonde n'kutuluka wolemera kapena wopanda kanthu. Usiku uliwonse nyanja imamuchonga ngati mphunzitsi, ndipo imamuchonga pompopompo.

Pali zinthu zitatu zimene timakonda kuziponya m'thumba limodzi n'kuzitcha mphatso yobadwa nayo: kumva mumtima chinthu musanachifotokoze, kuona m'maganizo chimene sichinachitike, ndi kutulukira njira yatsopano pamene ena akubwereza yakale. Si chinthu chimodzi, ndipo chilichonse chili ndi kaphunzitsidwe kake ndi malo amene chimanamiza mwini wake. Kuzitcha mphatso kumapweteka anthu awiri. Wina amakhala pansi poganiza kuti sanapatsidwe. Winayo amaponya mpamba wonse m'madzi poganiza kuti anapatsidwa.

Tiyambe ndi mtima, chifukwa ndi umene umataitsa anthu ndalama zambiri. Mu 2009 akatswiri awiri a za kaganizidwe ka anthu amene ankatsutsana kwa zaka analemba limodzi zimene anagwirizana. Gary Klein anali atafufuza akuluakulu a ozimitsa moto amene amasankha chochita m'kanthawi kochepa n'kulondola. Daniel Kahneman, amene analandira mphoto ya Nobel mu 2002, anali atasonyeza mobwerezabwereza mmene anthu odzidalira amalakwira. Anagwirizana kuti mtima ungakhulupiridwe pokhapokha zinthu ziwiri zitakumana. Choyamba, ntchitoyo ikhale ndi zizindikiro zobwerezabwereza, zoti chakuti chikaoneka chakuti chimatsatiradi. Chachiwiri, munthuyo akhale atachita ntchitoyo kambirimbiri akulandira yankho lofulumira ndi lomveka. Anaonjezeranso mfundo yowawa: kukula kwa chikhulupiriro chimene mukumva mumtima si umboni woti mwalondola.

Yesani ntchito za kwathu kuno ndi muyeso umenewo. Makaniko wa injini za maboti ku Monkey Bay akamva kalilidwe ka injini n'kunena kuti vuto lili pa mafuta osati pa pulagi, mverani, chifukwa watsegula injini zambiri ndipo iliyonse inamuuza ngati analondola. Mayi amene wagula usipa padoko kwa zaka 15 akagwira pang'ono n'kunena kuti uwu sufika ku Limbe usanawonongeke, mverani. Koma mnyamata amene mtima ukumuuza kuti timu yakuti iwina lero ndipo abetche ndalama ya fizi, mtima wakewo sunaphunzire kalikonse, chifukwa kubetcha kunakonzedwa kuti zizindikiro zake zisakwanire. N'chimodzimodzi ndi kuyang'ana nkhope ya mlendo n'kunena kuti uyu ndi wokhulupirika, mupatseni ngongole. Yankho la nkhani zotere limabwera patatha miyezi kapena zaka, ndipo pofika nthawiyo tinaiwala kale zimene mtima unanena. Timakumbukira tsiku limodzi limene tinalondola, masiku 9 amene tinaphonya n'kusowa.

Mankhwala ake ndi kope wamba la ana asukulu. Gawani tsamba m'mizere 5: tsiku, zimene mtima wanena, zimene maso aona kapena makutu amva pa nthawiyo, kutsimikiza kwanu pa 10, ndi zimene zachitikadi. Lembani musanadziwe zotsatira, osati pambuyo pake. Mzere wachitatu ndi umene anthu amaudumpha, pomwe ndi umene uli ndi phindu, chifukwa umakukakamizani kufunsa kuti kodi ndaona chiyani kwenikweni. Mukafika pa nkhani 30, werengani. Mudzapeza kuti pa mbali ina, mwina pa nsomba, pa nyengo kapena pa matenda a mbuzi zanu, mumalondola kawirikawiri, ndipo pa mbali ina, kawirikawiri pa anthu ndi pa mitengo ya zinthu ya miyezi 6 kutsogolo, simusiyana ndi woponya ndalama m'mwamba. Amene kulemba kumamuvuta ajambule mawu pafoni, m'Chichewa kapena m'Chiyao, bola atchule tsiku.

Pali lamulo lina losavuta. Mtima ukakuletsani, ndipo kumvera kukutayitsani zochepa, mverani osafunsa zambiri. Msodzi amene thupi lake likukana kulowa panyanja m'mwezi wa Julayi chifukwa kamphepo kakumveka ngati mwera ukubwera, akatsala pamtunda wataya usiku umodzi basi. Koma mtima ukakukankhani kuti muike zonse, gulitsani njinga, tengani ngongole, mwayi uwu sudzabweranso, gonani kawiri ndipo mufunse munthu amene sadyapo kanthu pa nkhaniyo. Mantha ndi dyera zimalankhula ndi mawu ofanana ndi a mtima wophunzira. Kusiyana kwake n'kwakuti mtima wophunzira umaloza chinthu chenicheni mukaufunsa modekha, pomwe dyera limangofuula kuti fulumirani. Tsankho nalonso limabisala momwemo. Munthu akati "mtima wanga sukumufuna" ponena za wina wa mtundu wina kapena chipembedzo china amene sanamulakwire, chimenecho si chidziwitso koma zimene anamva ali mwana.

Ngakhale mtima wophunzira bwino umakalamba zinthu zikasintha. Asodzi a ku Malombe ankadziwa chambo ngati mwana wawo, koma chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 chambo chinatsala pang'ono kutha m'nyanjamo ndipo kambuzi ndiye anatsala wochuluka. Nzeru zakale sizinali zabodza, nyanja ndi imene inasintha. Mu 2024 madzi a nyanja ya Malawi anakwera n'kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo amene eni ake ankati madzi safika. Pamene mvula, msika kapena nyanja zasintha khalidwe, kope lija liyambenso.

Tsopano kutulukira zatsopano. Mu 1926 Graham Wallas anafotokoza kuti ganizo latsopano limadutsa m'magawo anayi: kukonzekera, kulisiya kaye, kutulukira kwenikweniko, ndi kuliyesa. Anthu amakonda gawo lachitatu, lija ganizo limangotulukira munthu ali kusamba, koma ndi lokhalo limene simungalilamule. Atatu enawo ali m'manja mwanu.

Kukonzekera kumayamba ndi funso, ndipo ambiri amagwa pomwepo chifukwa funso lawo ndi lalikulu ngati nyanja. "Ndingatukuke bwanji?" silibala yankho lililonse kupatula nkhawa. Tiyerekeze mayi wogulitsa usipa amene amaluza chaka chilichonse mvula ikayamba, chifukwa nsomba zimaola pathandala zisanaume. Funso lake likhale lopapatiza chonchi: "Ndingatani kuti usipa wogula m'mawa usawonongeke tsiku la mitambo, popanda kuwononga ndalama zoposa phindu la sabata imodzi?" Malire a ndalamawo musawaone ngati chopinga. Ndi amene amakakamiza maganizo kusiya njira zodula zimene aliyense amazidziwa n'kuyamba kufufuza pafupi.

Kenako lembani mayankho 20 mu mphindi 15, osafufuta ngakhale limodzi. Nambalayi ili ndi chifukwa chake. Mayankho 5 kapena 6 oyambirira si anu, ndi zimene mwaona kwa anansi: kufutsa, kukazinga, kuwamba, kugulitsa msanga motchipa. Pofika pa 10 mutu umauma ndipo mumafuna kusiya. Mukapirira, apo ndi pamene maganizo amayamba kulumikiza zinthu zimene sizikhalira limodzi: kugawana mtengo wa tenti ya pulasitiki youmitsira nsomba ndi amayi ena anayi, kupangana ndi wophika chakudya pa sitolo kuti azitenga wosauma tsiku la mvula, kusinja wophwanyika kukhala ufa wothira m'phala la ana, kugula theka lokha masiku amene kuthambo kwada. Ambiri mwa 20 aja adzakhala achabechabe, ndipo palibe vuto. Cholakwika chachikulu ndi kuweruza mukadali kutulutsa. Munthu akamalemba ganizo n'kulitsutsa nthawi yomweyo kuti "anthu aseka" kapena "ndalama zake zili kuti", amakhala ngati wopalasa bwato kutsogolo ndi dzanja limodzi, kumbuyo ndi linalo. Kusefa kudikire mawa.

Chinanso chimene chimamanga maganizo ndi kuzolowera ntchito ya chinthu. Karl Duncker anasonyeza kuti anthu akapatsidwa kabokosi kali ndi timisomali, amakaona ngati chosungira basi, osaganiza kuti kangakhomedwe pakhoma n'kukhala poika kandulo. William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu, ali ndi zaka 14 anaona dayinamo ya njinga ndi fani ya thirakitala yotayidwa, n'kuonamo makina opanga magetsi ndi mphepo. Diso limeneli limaphunzitsika. Tengani chinthu chimodzi patsiku, kaya ukonde wong'ambika, chikhokho cha dambe kapena tayala lakutha, ndipo kwa mphindi 3 tchulani ntchito zake zonse kupatula imene chimadziwika nayo. Chinsinsi ndi kuchitchula ndi maonekedwe ake osati dzina lake. Musati ukonde. Nenani kuti ulusi wolimba, wosaola msanga, wolola mphepo kudutsa. Mukatero mpanda wa anapiye, chotchingira mbande ku mbalame ndi choyanikira masamba zimabwera zokha.

Oluka mlaza a m'mbali mwa msewu wa ku Monkey Bay ali ndi luso m'manja losakayikitsa, koma muona madengu, zipewa ndi mikeka yofanana kuchokera kwa woyamba mpaka wotsiriza, ndipo wogula amangotsitsa mtengo chifukwa akudziwa kuti patsogolo apeza chomwecho. Njira yotulukamo si kupeka chinthu chimene dziko silinaonepo. Ndi kusintha mbali imodzi yokha: kukula kwake, wogula wake, malo ogwiritsira ntchito, kapena chophatikiza nacho. Dengu lomwelo likafupika n'kuphwatalala ndi thireyi ya patebulo. Likatembenuzidwa n'kusiyidwa bowo pamwamba ndi chovindikira babu m'malo ogona alendo ku Cape Maclear. Likasokeredwa chitenje m'kati ndi chikwama. Wogula wa basi amafuna cholowa pamiyendo, wa galimoto saopa kukula.

Mukamaliza kulemba, tsekani kope muchoke. Gawo ili anthu amaliona ngati ulesi, koma lili ndi umboni. Mu 2014 Marily Oppezzo ndi Daniel Schwartz a ku yunivesite ya Stanford anapeza kuti anthu akamayenda pansi amatulutsa maganizo atsopano ochuluka ndi pafupifupi 60 peresenti kuposa atakhala pampando, ngakhale kuyendako sikunathandize pa mafunso okhala ndi yankho limodzi lokha. Mu 2004 ofufuza a ku Lübeck, ku Germany, anapatsa anthu masamu okhala ndi njira yachidule yobisika, ndipo mwa amene anagona usiku wonse asanabwererenso, oitulukira anachuluka kuposa kawiri poyerekeza ndi amene sanagone. Chimene chikufunika ndi ntchito yotanganitsa manja kapena miyendo koma yosiya mutu womasuka: kusoka ukonde, kupeta mpunga, kupalira, kuyenda mphindi 20 kapena 30 m'mbali mwa Shire. Kuno kotentha, makamaka Okutobala ndi Novembala, nthawi yabwino ndi m'mamawa, pochokera ku mzikiti kapena dzuwa lisanakwere. Foni itsale kunyumba kapena m'thumba. Kale mpata umenewu unkapezeka wokha, podikira minibasi kapena pamzere wa pachigayo, koma lero WhatsApp ndi TikTok zadzaza timipata tonse tija timene maganizo ankagwiriramo ntchito mwakachetechete. Dziwaninso kuti kusiya kaye kumathandiza yekhayo amene analimbana nalo funso poyamba. Mphika wopanda kanthu ngakhale muuvindikire usiku wonse simutuluka ndiwo.

Ganizo likabwera lilembeni pomwepo, chifukwa limathawa ngati loto. Ndipo musalikhulupirire chifukwa chakuti lakoma. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Liyeseni ndi gawo limodzi mwa magawo 10 a mpamba wanu, kwa masabata awiri, mutasintha chinthu chimodzi chokha. Mukasintha mtengo, malo ndi kapakidwe nthawi imodzi, zikayenda kapena kukanika simudziwa chachititsa n'chiti. Musafunse achibale ngati chinthucho n'chabwino, chifukwa achemwali anu ndi amalume anu amakukondani ndipo adzati n'chokongola. Chiikeni pamsika ndi mtengo wake. "Amayi, ichi ndi chatsopano, mtengo wake ndi uwu" ndi funso limene yankho lake silinama, poti limayankhidwa ndi chikwama. Musanayambe, lembani chimene mudzachitcha kupambana, mwachitsanzo kugulitsa 6 mwa 10, kuti pambuyo pake musadzinyengerere.

Kuona m'maganizo tonse tinakuphunzira tili ana, pa nthano za madzulo ndi pa zilapi, ndipo akuluakulu amakunola pa bawo. Katswiri wa bawo asanagwire nkhomo amakhala atayenda kale m'mutu dzenje ndi dzenje, ataona pamene dzanja likagonere ndi chimene mnzake adzabweze. Saganiza za kuwomberedwa m'manja akawina. Apa ndi pamene ambiri amene amalimbikitsa anthu kuti "onani m'maganizo nyumba yanu ya malata ndi galimoto pakhomo" amasocheretsa anthu. Mu 1999 Lien Pham ndi Shelley Taylor anagawa ophunzira a pa yunivesite ku Los Angeles. Ena ankadziona m'maganizo atakhoza bwino mayeso, ena ankadziona akuwerenga, pa malo akuti, nthawi yakuti. Amene ankaona kuwerengako ndiwo anakhoza bwino. Gabriele Oettingen wafufuza nkhaniyi kwa zaka zambiri ndipo anapeza kuti kulota zokoma zokhazokha kumafooketsa, chifukwa mtima umakhuta ngati wafika kale.

Kachitidwe koyenera kamatenga mphindi 5. Tchulani chimene mukufuna, chokhala chovuta koma chotheka m'mwezi umodzi. Onani kwa kanthawi ubwino wake. Kenako, ndipo apa khalitsanipo, funsani chimene chili mwa inu chimene chidzakulepheretsani. Osati boma, osati kukwera kwa zinthu, koma chanu: manyazi, mkwiyo, kulephera kukana mnzanu akabwera kudzabwereka, tulo ta masana. Pomaliza mangani pangano la "chikachitika chakuti, ndidzachita chakuti", njira imene Peter Gollwitzer anasonyeza kuti imathandiza anthu kuchita zimene anatsimikiza. Wophunzira wa Fomu 4 asati "ndizilimbikira". Anene kuti "anzanga akandiitana kukaonera mpira Lachitatu madzulo, ndidzati ndibwera ndikamaliza mafunso 10 a masamu." Mayi wosunga mpamba anene kuti "wachibale akapempha ndalama ya bizinesi, ndidzati ya katundu sindigwira, tidikire phindu la Loweruka." Mawuwo muwayeseze pakamwa, chifukwa nthawi yake ikafika simudzakhala ndi mpata wowapeka.

Njira yomweyi imagwira pa nkhani zovuta za m'banja. Musanapite kukalankhula ndi apongozi kapena ankhoswe, khalani pansi muyende nkhaniyo m'mutu kawiri, kachiwiriko mutakhala pampando wa winayo: akuopa chiyani, wamva zotani kwa ena, ndi mawu ati amene angamuchititse manyazi pamaso pa anthu. Anthu ambiri amayeseza zoti akamugonjetse mnzawo, n'kudabwa kuti nkhani yakula. Gary Klein uja anaperekanso njira ina yothandiza musanayambe chinthu chachikulu: yerekezerani kuti chaka chatha ndipo ntchitoyo yagwa, kenako lembani zifukwa zimene yagwera. Kunena kuti "yagwa kale" kumamasula pakamwa kuposa kufunsa kuti "ingagwe bwanji", ndipo zimene mtima unkakayikira mwakachetechete zimatuluka poyera.

Mawu awiri ochenjeza, chifukwa nkhaniyi imasokonezedwa. Chamba ndi mowa zimachititsa munthu kumva ngati maganizo ake ndi akuya, koma m'mawa kope limakhala lopanda kanthu kogwirika. Ndipo wachibale akayamba kukhala masiku osagona, maganizo akuthamanga, akumva mawu amene ena sakuwamva kapena akumwaza katundu chifukwa cha mapulani aakulu, limenelo si luso likuphuka. Mupite naye kuchipatala.

Mutu umodzi susenza denga, n'zoona, koma gulu nalonso lili ndi msampha wake. Mu 1987 Michael Diehl ndi Wolfgang Stroebe anasonyeza kuti anthu oganiza payekhapayekha, maganizo awo akaphatikizidwa, amaposa a gulu lofanana nalo kukula lokambirana pamodzi, makamaka chifukwa podikira kuti wina amalize kulankhula munthu amaiwala kapena kutaya ganizo lake. Kwathu kuno vutoli limakula ndi ulemu. Amfumu, a shehe, abusa kapena apampando akayamba kulankhula, wotsatira aliyense amangoti "ndikugwirizana ndi zimene anena akuluakulu", ndipo mtsikana amene anali ndi yankho amabwerera nalo kunyumba. Pa msonkhano wa banki m'khonde kapena wa komiti ya padoko, funso liperekedwe sabata imodzi msonkhano usanachitike. Pa tsikulo aliyense akhale chete mphindi 10 akulemba, ndipo osatha kulemba anong'oneze mlembi. Mapepala asonkhanitsidwe opanda mayina, mlembi awerenge onse popanda wotsutsa, kenako kukambirana kuyambe ndi wamng'ono pa onse, wamkulu alankhule pomaliza. Akuluakulu ena sakondwa nalo dongosololi poyamba, choncho ndi bwino kuwaonera padera dzulo lake n'kuwapempha kuti iwo eni alilengeze, ndiponso kuti akhale omanga mfundo kumapeto. Gulu likasankha maganizo awiri oti liyese, lilembe dzina la woyang'anira lililonse, ndalama zimene zaloledwa, ndi tsiku la msonkhano umene adzabwere ndi zotsatira.